Tsegulani Chikwama cha Mwana: Ndale M'mabuku a ku Pulayimale

Mawu a wapampando wa komiti ya maphunziro pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivi yathu

 

A msungichuma atifotokozera kale za ndalama, a zamalonda atiuza za mtedza ndi soya. Ine gawo langa ndi la maphunziro. Mwina mumaganiza kuti ndikamba za kasungidwe ka mbewu kapena kawerengedwe ka sikelo, koma zimenezo timakambirana chaka chonse. Lero ndikufuna tikambe za katundu amene ali m'nyumba ya aliyense wa ife koma sitimugwira: chikwama cha mwana wa sukulu, kaya ndi chikwama chenicheni kaya ndi kajumbo ka shuga. M'menemo muli mabuku ndi makope, ndipo m'mabukumo muli nkhani ya dziko lino monga momwe wina anasankhira kuilemba.

Wina afunsa kuti, nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kopaletivi? Yankho ndi ili. Ana amene ali sitandade 5 mpaka 8 lero ndiwo adzakhale pa mipando iyi tikamadzakondwerera zaka makumi atatu. Akaphunzira kusukulu kuti nkhani imakhala ndi mbali imodzi yokha, ndi kuti wamkulu safunsidwa, khalidwe limenelo adzabwera nalo kuno. Ndipo inu mukudziwa kuti kopaletivi ya anthu osafunsa sichedwa kugwa. Paja m'mera mpoyamba.

Tiyambire kale, chifukwa matendawa si a dzulo. Nthawi ya atsamunda ana ankaphunzitsidwa kuti David Livingstone ndiye anatulukira nyanja yathu mu 1859. Zoti anafika kunyanja chaka chimenecho ndi zoona. Koma anapeza anthu akuwedza chambo ndi usipa, mabwato ali pamadzi, midzi ili m'mbali. Nanga mlendo angatulukire bwanji dziwe limene eni ake akusambamo? Bukulo silinaname chaka, silinaname dzina. Linangosankha liwu limodzi, ndipo liwu limodzilo linafufuta makolo athu onse.

Chimodzimodzinso John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Mu Januwale 1915 anaukira azungu a maesiteti a ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, kulimira mwini malo kuti aloledwe kukhala pamalopo. Kwa boma la nthawi imeneyo anali woukira basi. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndipo pa 15 Januwale timapuma pomukumbukira. Munthu ndi yemweyo, zimene anachita ndi zomwezo. Chinasintha ndi mwini cholembera.

Titalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, cholembera chija chinalowa m'manja mwa Amalawi, ndipo anthu anayembekezera kuti tsopano nkhani ilembedwa yonse. Koma mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Ife a imvi tinaphunzira m'zaka zimenezo. Mukuzikumbukira ngodya zinayi? Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinkaziloweza pa phunziro la Civics monga momwe tinkalowezera matebulo a masamu. Pa sabata ya achinyamata makalasi ankaima. A Ngwazi akamayendera mbewu m'dera lanu, ana ankasiya maphunziro n'kukandanda m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu, kudikira kuwomba m'manja. Apayoniya ndi ayufi anali tcheru, ndipo mphunzitsi aliyense ankadziwa kuti mawu ake akhoza kukafika kumene sanawatume.

Pa ngodya zinayizo palibe yoipa payokha. Ndani angadane ndi umodzi? Ngakhale kopaletivi ino popanda kusunga mwambo sikanafika zaka khumi. Vuto linali lakuti panalibe ngodya yachisanu yonena kuti, ukapanda kumvetsa funsa, ukaona cholakwika nena. Mwana wabwino anali amene waloweza, wokhoza mayeso anali amene wabweza mawu monga momwe anawalandirira.

Nkhani ya ufulu inkaphunzitsidwa ngati ya munthu mmodzi: anabwera, anaphwanya chitaganya, anatipatsa dziko. Zoti Kamuzu anatsogolera kulimbana ndi chitaganya, n'kumangidwa mu Malichi 1959, palibe angakane. Koma chipani cha Nyasaland African Congress chinayamba mu 1944, iye akadali kunja, ndipo anachiyambitsa ndi anthu onga James Sangala ndi Levi Mumba. Mwa amene anamupempha kuti abwerere kumudzi, mpaka kudzatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, munali anyamata onga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Malawi Congress Party yeniyeniyo anaiyambitsa ndi Orton Chirwa mu 1959, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo, kumene lero timati Gweru, ku Zimbabwe. Amene anasonkhanitsa amayi a Congress anali Rose Chibambo, ndipo naye anamangidwa mu 1959, khanda lili m'manja.

Nanga maina amenewa anapita kuti? Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna zingapo zinasemphana maganizo ndi Kamuzu. Mwa zina zinkadandaula za tiki imene odwala anayamba kulipira kuchipatala, za kuchedwa kokweza Amalawi pa maudindo m'boma, ndi za ubale ndi Apwitikizi ndi boma la tsankho la South Africa. Ena anachotsedwa, ena anatula pansi udindo, ambiri anathawira kunja. Kuyambira pamenepo maina awo ankamveka pokhapokha akutukwanidwa kuti ndi zigawenga, ndipo kuwatchula mwaulemu kunali kudziputira mlandu. Chipembere pa nthawiyo anali nduna ya maphunziro. Tangoganizani, nduna ya maphunziro, ntchito yake yomenyera ufulu n'kuzimiririka m'sukulu zimene ankayang'anira! Mayi Chibambo anakhala kunja zaka makumi atatu. Mu 2012 nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200, ndipo panali akuluakulu ambiri, ophunzira bwino, amene anafunsa kuti mayi ameneyu ndani.

Ndale sizinathere m'buku mokha, zinalowanso pa chiyankhulo ndi pa mphunzitsi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ife amene Chichewa tinayamwira sitinamve kuwawa kwake, koma mwana wa ku Rumphi anakumva tsiku loyamba la sitandade 1. Chaka chomwecho kunabwera lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku. Ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankagwira ntchito m'chigawo chapakati ndi chakummwera analamulidwa kubwerera kwawo. Mabanja anagawikana, makalasi anatsala opanda aphunzitsi. Amene analipira mtengo wa chigamulo chimenecho anali ana, a kumpoto ndi a kuno omwe.

Tsopano ndifike pa khasu, chifukwa nkhaniyi inakhudzanso ife alimi. Kodi munamvapo kusukulu kuti makopaletivi analipo m'dziko muno ufulu usanabwere? Lamulo loyamba la makopaletivi linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo m'zaka za m'ma 1950 alimi a mpunga ku Karonga ndi a khofi kumapiri a kumpoto anali akugulitsa kale mbewu zawo pamodzi. Ufulu utabwera, makopaletivi ambiri a alimi anathetsedwa, ndipo ntchito yogula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono inatsala m'manja mwa bungwe la boma, limene mu 1971 linasanduka ADMARC. Zimenezi sitinazimve m'kalasi. Tinamva za Mchikumbe Nambala Wani.

Zabwino zinalipo, ndipo tisazibise. Msika unali pafupi, feteleza ankapezeka, ngongole za m'makalabu zinkayenda. Koma panalinso mbali ina. Mtengo umene mlimi wa m'mudzi ankalandira pa fodya ndi thonje lake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene mbewuzo zinkagulitsidwira patsogolo, ndipo gawo lalikulu la phindulo linapita kukakuza maesiteti. Lamulo silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale pamunda pake kufikira 1990. Wofuna kumulima ankakakhala tenanti. Makolo athu ankamva kulemera kwa goli, koma ana awo kusukulu ankaloweza zothokoza zokhazokha. Mwana wa mlimi amene sanaphunzitsidwe kufunsa kuti mtengo wa mbewu amaika ndani, akakula amalandira mtengo uliwonse wa venda n'kunena kuti zikomo.

Zinthu zinasintha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mwa zimene inadandaula munali mavuto a m'sukulu ndi kusowa kwa ufulu woyankhula. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, nyali inaposa tambala wakuda. Pa 17 Meyi 1994 tinavota pa chisankho cha zipani zambiri, ndipo boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'sukulu chaka chimodzi. Mabuku a lero, amene amakonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, ali ndi mitu ya demokalase, ufulu wachibadwidwe ndi malamulo aakulu a dziko. Kumeneko ndi kupita patsogolo kwenikweni, ndipo aliyense wonena kuti palibe chasintha sakunena zoona.

Koma dzanja la wolamula silinasiye kuyabwa. Taonani za mbendera. Mu 2010 boma linachotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika dzuwa loyera lathunthu, ati dziko latukuka, sikulinso mbandakucha. Mu 2012 boma litasintha, mbendera yakale inabwerera. Mwana amene anayamba sukulu mu 2009 anajambula mbendera imodzi, anaifufuta n'kujambula ina, kenaka n'kubwerera ku yoyamba ija, asanamalize n'komwe pulayimale. Taonaninso masiku opuma. Pambuyo pa 1994 tsiku la Kamuzu la 14 Meyi linachotsedwa, kunabwera tsiku lokumbukira riferendamu pa 14 Juni. Nthawi ya Bingu wa Mutharika tsiku la Kamuzu linabwerera. Nthawi iliyonse mphunzitsi anayenera kuimirira pa bolodi n'kufotokoza kuti yankho lolondola tsopano ndi ili. Mwana wochenjera amaphunzirapo chinthu choopsa pamenepa: kuti choonadi ndi chimene wanena amene ali pampando.

Tsono buku labwino liyenera kukhala lotani? Musapite kutali, yang'anani buku la a msungichuma athu. Lili ndi mbali ziwiri, zolowa ndi zotuluka. Atabwera pa msonkhano waukulu wa pachaka n'kutiwerengera zolowa zokha, kodi tingawaombere m'manja? Atawerenga zotuluka zokha, tinganene kuti atiuza zoona? Mbiri ya atsogoleri ndi chimodzimodzi. Pa tsamba la Kamuzu palembedwe University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 1965, ndi kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Palembedwenso anthu otsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, imfa ya Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu 1983, ndi ya Orton Chirwa m'ndende ya Zomba mu 1992. Pa tsamba la Muluzi palembedwe sukulu yaulere ndi kumasuka kwa pakamwa, komanso makalasi a pansi pa mtengo ndi njala ya 2002, imene inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Pa la Bingu, makuponi a feteleza a 2005 ndi zokolola zochuluka, komanso kusowa kwa mafuta ndi anthu amene anaphedwa pa zionetsero za 20 Julaye 2011. Pa la Joyce Banda, mayi woyamba kulamulira dziko lino, komanso Cashgate imene inaululika mu 2013. Amene anabwera pambuyo pawo nawonso ali ndi masamba awo, ndipo onse ndi a mbali ziwiri.

Ndikudziwa kuti m'chipinda chino aliyense wamva dzina limodzi limene anafuna kuti ndingoliyamikira, ndi lina limene anafuna kuti ndingolinyoza. Ndiye mayeso ake amenewo. Buku lochotsa zabwino za Kamuzu ndi lokondera mofanana ndi lija linkabisa zoipa zake. Sindikunena kuti mwana wa sitandade 2 auzidwe za ndende ndi imfa, ayi. Phala la khanda ndi losiyana ndi nsima ya mnyamata. Koma wa sitandade 7 ndi 8, amene zaka zochepa zikubwerazi adzakhala ndi kadi yovotera, angathe kumva kuti munthu mmodzi yemweyo anamanga ndiponso anawononga.

Kukondera kwa masiku ano sikubwera ndi chikwapu, kumabwera mwakachetechete. Choncho mukatsegula buku kapena kope la mwana, makamaka la Social, dzifunseni mafunso anayi.

Loyamba: m'nkhaniyi ndani wasowa? Ngati nkhani ya ufulu ili ndi dzina limodzi, ngati mulibe mayi ngakhale mmodzi, ngati ngwazi zonse zikuchokera chigawo chimodzi, dziwani kuti pali amene atsalira panja.

Lachiwiri: asankha mawu otani? Pali kusiyana pakati pa kunena kuti mtsogoleri anatipatsa mlatho ndi kunena kuti mlatho unamangidwa ndi ndalama za misonkho nthawi ya mtsogoleri wakuti. Pali kusiyana pakati pa wotsutsa ndi chigawenga. Kumbukirani liwu lija lakuti anatulukira.

Lachitatu: pa zithunzi ndi pa zikuto pali yani? Makope olandira kwaulere amene ali ndi nkhope ya munthu wofuna mpando kapena mtundu wa chipani ndi kampeni yolowera m'chikwama cha mwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachinayi: mwana akufunsidwa kuti aloweze kapena kuti afotokoze? Funso lakuti tchulani zabwino zisanu zimene boma lachita, popanda mnzake wakuti tchulani mavuto amene atsala, likuphunzitsa kuwomba m'manja, osati kuganiza.

Ndikupatseni chitsanzo cha pafupi. Mdzukulu wanga wina anabwera kuchokera kusukulu, sinditchula sukulu yake, akunena kuti aphunzira zoti feteleza wotsika mtengo ndi mphatso ya mtsogoleri chifukwa amakonda alimi. Ndinamutuma kugolosale kukagula sopo ndi mafuta a nyali, n'kumufotokozera kuti pa mtengo wa katundu wambiri wa m'sitolo pamakhala msonkho, ndipo ndalama zogulira feteleza uja zimachokera ku misonkho yotere, ku ngongole zimene dziko lidzabweze, ndi ku thandizo la maiko ena. Ndinamuuza kuti mtsogoleri amene wayendetsa bwino ndondomekoyo ayamikiridwe ndithu, koma thumbalo si la m'nkhokwe yake. Mwana amene wamvetsa zimenezi, feteleza akachedwa adzafunsa ngati mwini ndalama, osati kupempha ngati wamasiye.

Pano ndichenjeze, kuopa kuti mawa wina angakalowe m'kalasi ndi ukali, ati ndatumidwa ndi kopaletivi. Sitikunena kuti nkhani za ndale zichotsedwe kusukulu. Mwana ayenera kudziwa ntchito ya phungu, ya khansala ndi ya mfumu, ayenera kudziwa chifukwa chake timavota, ayenera kudziwa kuti pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, anthu n'kuvotanso pa 23 Juni. Kuphunzitsa za ndale ndi kwina, kuphunzitsa chipani ndi kwina. Ndipo aphunzitsi ambiri amachita ntchito yawo mokhulupirika pakati pa mavuto amene ife sitingawapirire sabata imodzi: ana oposa zana m'kalasi, buku limodzi ana angapo, nyumba yodontha. Mabuku akachepa, chimene mphunzitsi walemba pa bolodi ndicho chimasanduka buku. Ameneyu ndi munthu wofunika kumuthandiza, osati kumuopseza. Tikayamba kuopseza aphunzitsi, ndiye kuti ife tasanduka apayoniya atsopano.

Mukaona chokayikitsa, njira zake zilipo. Yambani ndi kucheza ndi mphunzitsi mwiniyo mwaulemu, mwina mwana anamva molakwika. Zikakanika, pali mphunzitsi wamkulu, pali komiti ya sukulu, pali PTA, pali gulu la amayi, ndipo pamwamba pawo pali a PEA oyang'anira zoni. Ambiri a inu muli m'makomiti amenewa. Musamangokamba za njerwa ndi zimbudzi zokha. Funsaninso kuti mabuku alipo angati, ndi a chaka chiti, ndiponso ngati ana akutulutsidwa m'kalasi kukavina pa misonkhano ya zipani. Mphunzitsi wa boma ali ndi ufulu wovotera amene akumufuna, koma malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti wogwira ntchito m'boma asalole ndale zake kusokoneza ntchito yake.

Komanso tisaiwale kuti sukulu yoyamba ndi pakhonde. Pali kholo limene limadandaula kuti mphunzitsi akukondera chipani chakuti, pamene kudandaula kwake kwenikweni ndi kwakuti sakukondera chipani chake. Pali nyumba zimene mwana amamva madzulo aliwonse kuti anthu a mtundu wakuti ndi akuba, a chigawo chakuti ndi odzikonda. Mphunzitsi angayesetse bwanji, mawu a pakhonde amalemera kuposa a pa bolodi. Ngati tikufuna buku la mbali ziwiri kusukulu, nkhani za pamoto nazonso zikhale za mbali ziwiri.

Ife a kopaletivi tili ndi mwayi, chifukwa mankhwala a matendawa ali kale m'malamulo athu. Makopaletivi a masiku ano anayambira ku Rochdale, ku England, mu 1844, ndipo mwa mfundo zawo zakale munali yakuti gulu lisalowerere ndale za zipani. Mfundo zisanu ndi ziwiri zimene makopaletivi a dziko lonse lapansi anagwirizana mu 1995 zimanena za membala mmodzi voti imodzi, za kudziimira patokha, ndi za kuphunzitsa mamembala. Kuno kwathu lamulo la makopaletivi la 1998 ndilo limatipatsa mphamvu yodzilamulira. Tayang'anani m'chipinda chino. Nthawi ya kampeni timavala nsalu zosiyana, koma mtedza wathu umakwera sikelo imodzi, ndipo sikeloyo sifunsa kuti munavotera yani. Zaka khumi zimenezi boma lasintha manja, ife tikadali pamodzi. Ana athu ayenera kuona zimenezi ndi maso.

Choncho komiti ya maphunziro ikupempha zinthu zinayi, ndipo tidzazibweretsa pa msonkhano waukulu kuti muzivomereze kapena muzikane.

Choyamba, membala aliyense atsegule chikwama cha mwana kamodzi pa teremu. Ngati maso atopa kapena sukulu simunapite nayo patali, palibe manyazi: mwanayo akuwerengereni mokweza, inu muzimufunsa mafunso anayi aja. Kumva nkhani yopendekeka sikulira satifiketi.

Chachiwiri, akuluakulu amene munaona thangata, malimidwe a atsamunda, makadi a chipani, riferendamu ndi njala ya 2002, fotokozerani adzukulu zimene munaona ndi maso, zokoma ndi zowawa zomwe. Tipemphe achinyamata athu azilembe m'kope lisungidwe ku ofesi, chifukwa nkhalamba ikapita imapita nazo.

Chachitatu, thandizo lililonse limene kopaletivi ipereka kusukulu, kaya makope, kaya choko, kaya ufa wa phala, lisakhale ndi nkhope ya munthu kapena mtundu wa chipani, ngakhale nkhope ya wapampando wathu. Ndipo wandale wofuna kudutsira mwa ife kuti akafike kwa ana, timuthokoze n'kumuonetsa njira ya ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Chachinayi, tipemphe aphunzitsi aakulu a sukulu zotizungulira kuti chaka chilichonse atitumizire ana angapo a sitandade 7 ndi 8 adzaonerere msonkhano wathu waukulu. Adzaone mayi wa masheya ochepa akuimika dzanja n'kufunsa a msungichuma kuti ndalama ya mayendedwe yakwera bwanji, a msungichuma n'kuyankha ndi malisiti, popanda wotukwana, popanda womangidwa. Adzaone wapampando akutha nthawi yake n'kupereka mpando kwa wina, mawa lake onse awiri ali pamzere umodzi wa sikelo. Phunziro limenelo palibe boma lingalifufute.

Amayi ndi abambo, mbewu timaisankha tisanabzale. Timayang'ana chikalata cha pa paketi, timafunsa alangizi, timakana ya venda yopaka utoto. Tisamale chimodzimodzi ndi zimene zikubzalidwa m'mitu ya ana athu, pakuti iwowo ndiwo adzasunge nkhokwe, sikelo ndi mabuku a kopaletivi ino ife titapuma. Tiwasiyire gulu lolimba, komanso tiwasiyire pakamwa potha kufunsa mwaulemu ndi makutu otha kumva mbali zonse.

A Wapampando, ndathera pamenepa.